Lamulo la seguro lisaiwale wodwala impso amene ali kunyumba

Impso ziwiri za munthu zimagwira ntchito usana ndi usiku, kusefa magazi ndi kutulutsa zoipa pamodzi ndi madzi otsala kupyolera mu mkodzo. Zikafooka kotheratu munthu amatupa miyendo ndi nkhope, amasanza, amabanika, ndipo ngati palibe chithandizo amamwalira patangopita masabata kapena miyezi yowerengeka. Njira zopulumukira zilipo ziwiri zokha: kumuika impso ya munthu wina, kapena kumusefa magazi kwa moyo wake wonse, chithandizo chimene madotolo amachitcha diálise. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndiwo amaononga impso za anthu ambiri, ndipo awiriwa masiku ano akupezeka m'midzi monga momwe akupezekera m'mizinda.

Chithandizo chimenechi ndi chokwera mtengo kotero kuti banja wamba, ngakhale litagulitsa ng'ombe zonse ndi munda womwe, silingachikwanitse kwa nthawi yaitali. Nchifukwa chake funso lakuti alipire ndani limakathera ku nyumba ya malamulo m'dziko lililonse. Maiko amene anayamba kale kulimbana ndi funsoli anasiya phunziro limodzi loonekeratu: lamulo lokakamiza seguro kulipira kusefa magazi, koma losanena momveka za kusefera kunyumba, limathandiza okhala pafupi ndi chipatala chachikulu ndi kusiya pambali onse akutali.

Njira ziwiri zosefera magazi

Njira yodziwika kwambiri ndi ya makina, yotchedwa hemodiálise. Wodwala amabayidwa singano ziwiri pamkono, magazi ake amatuluka kukadutsa mu sefa ya makina ndi kubwerera m'thupi. Ntchitoyi imatenga pafupifupi maola anayi, katatu pa sabata, kutanthauza maulendo 156 pa chaka opita kuchipatala. Makinawo amafuna magetsi osazimazima ndi madzi ochuluka oyeretsedwa bwino, oposa malita 100 pa ulendo umodzi. Angathe kuikidwa m'nyumba ya munthu, koma pokhapo pamene magetsi ndi madzi zili zodalirika.

Njira yachiwiri, diálise peritoneal, imagwiritsa ntchito kachikopa kopyapyala kamene kamakuta matumbo m'mimba mwa munthu aliyense. Dotolo amaika kapaipi kofewa pamimba. Wodwala amalowetsa m'mimba madzi apadera okwana pafupifupi malita awiri kuchokera m'thumba la pulasitiki. Madziwo amakhala m'kati maola angapo akukoka zoipa m'magazi, kenaka amawatulutsa ndi kulowetsa ena. Amachita zimenezi kanayi pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse umatenga ngati theka la ola. Makina safunika, magetsi safunikanso. Chofunika ndi chipinda chaukhondo, manja osambidwa bwino ndi sopo, ndi matumba a madziwo kuti asathe. Njira yochitira zimenezi kunyumba popanda makina inayambitsidwa mu 1976 ndi Robert Popovich ndi Jack Moncrief ku Texas.

Zimene zinachitika ku America

Nkhani ya lamulo inayambira ku United States. Mu 1960, mu mzinda wa Seattle, dotolo Belding Scribner anapeza njira yolumikizira wodwala ku makina mobwerezabwereza popanda kuononga mitsempha yake. Kuyambira pamenepo munthu wakufa impso anatha kukhala ndi moyo zaka zambiri. Koma makina anali ochepa, odwala ochuluka. Chipatala cha impso chimene chinatsegulidwa ku Seattle mu 1962 chinakhazikitsa komiti ya anthu asanu ndi awiri, osatchulidwa maina, yosankha woti alandire chithandizo. M'komitimo munali m'busa, loya, mkulu wa banki, mayi wa panyumba ndi ena. Ankayang'ana ntchito ya munthu, banja lake ndi khalidwe lake, ndipo amene sanasankhidwe ankamwalira. Magazini ya Life italemba za komitiyi m'chaka chomwecho, dziko lonse linachita manyazi.

Kusefera magazi kunyumba kunabadwa kaamba ka kuperewera komweko. Mu 1964 mtsikana wina wa sukulu ku Seattle anapezeka kuti sangalandiridwe pachipatalacho chifukwa cha msinkhu wake. Injiniya Albert Babb ndi anzake anamukonzera makina aang'ono oti aziwagwiritsa ntchito kwawo mothandizidwa ndi banja lake. Nthawi yomweyo madotolo a ku Boston ndi ku London anayambanso kuphunzitsa odwala kudzisefa okha. Zinaoneka msanga kuti kunyumba ndi kotsika mtengo kusiyana ndi kuchipatala, ndipo wodwala ankatha kupitiriza ntchito yake.

Mu Novembala 1971 wodwala wina, Shep Glazer, analumikizidwa ku makina pamaso pa komiti ya aphungu ku Washington kuti aone ndi maso awo chimene chinkamusunga ndi moyo. Pa 30 Okutobala 1972 pulezidenti Richard Nixon anasaina lamulo lolamula kuti Medicare, seguro ya boma imene poyamba inali ya okalamba, izilipira kusefa magazi ndi kuika impso kwa pafupifupi nzika iliyonse, yamsinkhu uliwonse. Lamulolo linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 1973, ndipo makomiti osankha woti afe anatha ntchito.

Koma panatuluka chotsatira chimene opanga lamulo sanachiyembekezere. Pamene lamulo linkayamba, mwa odwala pafupifupi 10,000 amene ankasefedwa magazi m'dzikomo, pafupifupi 40 pa 100 aliwonse ankachitira kunyumba. Zisanathe zaka khumi chiwerengerochi chinatsika kwambiri. Chifukwa chake sichinali chachipatala, chinali cha ndalama. Malipiro anakonzedwa mokomera malo osefera magazi: kumeneko zonse zinkalowa mu mtengo umodzi wolipiridwa bwino, pamene wa kunyumba ankatsala ndi zina zoti azilipira yekha, ndipo womuthandiza sankalandira kanthu. Makampani ofuna phindu anatsegula malo osefera m'mizinda yonse, ndipo mpando uliwonse wokhala ndi wodwala unasanduka ndalama. Wophunzitsa wodwala kudzisefa kunyumba ankadzichotsera yekha kasitomala.

Aphungu anayesa kukonza cholakwacho mu 1978. Mwa zina, analamula kuti wodwala amene wayamba maphunziro odzisefera yekha asadikire miyezi itatu imene ena amadikira seguro ya boma isanayambe kulipira. Mu 2011 njira yolipirira inasinthidwanso, ndipo kusefera kunyumba kunayamba kukwera pang'onopang'ono. Mu 2019 pulezidenti Donald Trump anasaina chilamulo chofuna kuti pofika 2025, odwala atsopano 80 pa 100 aliwonse azisefera kunyumba kapena kulandira impso. Cholingacho sichinafikiridwe. Mwa anthu oposa 500,000 amene akusefedwa magazi m'dzikomo, ochuluka kwambiri akupitabe kumalo osefera, ndipo ambiri mwa malowo ali m'manja mwa makampani awiri, DaVita ndi Fresenius. Dziko lolemera chotero lakhala zaka zoposa 50 likuyesa kuwongola chimene chinapindika m'mawu oyamba a lamulo.

Ena anasankha njira ina

Hong Kong, kuyambira mu 1985, inatsata mfundo yakuti wodwala aliyense wa m'zipatala za boma aziyamba ndi njira ya m'mimba, pokhapokha ngati pali chifukwa chachipatala chomuletsa. Mpaka lero ambiri mwa odwala kumeneko amasefera kunyumba.

Thailand, dziko la alimi ambiri okhala kutali ndi mizinda, inachitanso chimodzimodzi mu 2008. Seguro ya boma ya anthu onse inayamba kulipira kusefa magazi, koma njira yoyamba inali ya kunyumba, ndipo matumba a madzi ankatumizidwa mpaka kwa wodwala. Alimi amene kale akanabwezedwa kukafera kumudzi anapeza chithandizo. Komabe panali madandaulo enieni: ena analibe wowathandiza panyumba, ena ankaopa matenda a m'mimba, ndipo wofuna makina popanda chifukwa chachipatala ankayenera kulipira yekha. Mu 2022 boma linalola wodwala kusankha. Chiwerengero cha opita kumakina chinakwera mofulumira, ndalama zotuluka zinakweranso, ndipo mu 2025 akuluakulu a seguro anabwereranso ku mfundo yolimbikitsa kuyamba ndi njira ya kunyumba. Phunziro la ku Thailand lili pawiri: kukakamiza wodwala kumabala madandaulo, koma kusiya zonse m'manja mwa msika kumakokera aliyense kumene kuli phindu.

Pafupi pano, ku South Africa, nkhaniyi inafika kubwalo lalikulu la malamulo. Thiagraj Soobramoney, bambo wa zaka 41 wosakhala pa ntchito, anakanizidwa makina pa chipatala cha Addington ku Durban chifukwa makina anali ochepa ndipo iye anali ndi matenda enanso. Mu Novembala 1997 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti boma silingakakamizidwe kupereka chimene lilibe. Bamboyo anamwalira patangopita masiku ochepa. Chaka chotsatira, 1998, dzikolo linakhazikitsa lamulo loyendetsera mabungwe a seguro ya zaumoyo, limene linabweretsa mndandanda wa matenda amene bungwe lililonse liyenera kulipira, lifune lisafune. Matenda a impso okhalitsa ali pa mndandandawo. Koma anthu okhala ndi seguro yotere sakwana ngakhale 20 pa 100 aliwonse. Otsalawo amapikisanabe pa mipando yochepa ya m'zipatala za boma.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza chigawo chino

Malamulo oyendetsera dziko la Mozambique a 2004, mu ndime 89, amati nzika zonse zili ndi ufulu wolandira chithandizo cha mankhwala. Pa 24 Julayi 1975 boma linatenga ntchito zonse zachipatala m'manja mwake. Mu 1991 linalolanso zipatala zomwe si zaboma, ndipo kuchokera apo makampani a seguro anayamba kugulitsa mapangano a zaumoyo, makamaka kwa ogwira ntchito m'makampani akuluakulu. M'chigawo cha Tete anthu otere alipo, m'migodi ya malasha ya ku Moatize, ku Songo, m'mabanki ndi m'mabungwe. Pangano la seguro limalembedwa ndi kampani, ndipo kampani iliyonse padziko lapansi, ikasiyidwa yokha, imayesetsa kupewa matenda odula osatha. Ndicho chifukwa chake m'maiko onse atchulidwa pamwambapa panafunika lamulo.

Makina osefera magazi amakhala m'zipatala za m'mizinda ikuluikulu, monga Chipatala Chachikulu cha Maputo, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Tete. Ku Malawi, kumene anthu a ku Angónia ndi Tsangano amaolokera kawirikawiri, makina a boma odziwika ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo eni dziko omwe amawadikirira. Koma ngakhale makina atadzaza mu mzinda wa Tete weniweniwo, vuto la mtunda silingathe. Munthu aganize za mphunzitsi wa ku Ulónguè, pa mtunda woposa makilomita 200 kuchokera ku likulu la chigawo. Sangakwere chapa katatu pa sabata, kupita ndi kubwerera, ndi thupi lofooka, chaka ndi chaka. Chimene chingamuchitikire nchodziwika: asiya ntchito, asiya munda, akachita lendi kachipinda pafupi ndi chipatala, mkazi wake amutsata kukamusamala, ana atsala kwa agogo. Wa ku Zumbo, Chifunde kapena Macanga ndiye osanena. Mphunzitsi yemweyo, atakhala pa njira ya m'mimba, angathe kusintha madzi m'mawa asanapite ku sukulu, masana, madzulo ndi pogona, nakhalabe mphunzitsi ndi bambo wa ana ake.

Palinso ana. Malungo aakulu ndi kutsegula m'mimba zimatha kuimitsa impso za mwana mwadzidzidzi. Impso zotere nthawi zambiri zimachira ngati mwana wasefedwa magazi kwa masiku ochepa, ndipo njira ya m'mimba ndiyo yoyenera ana aang'ono. Dziko limene laphunzitsa anamwino njira imeneyi ndi kusunga matumba a madzi m'zipatala za m'madistrito limapulumutsanso ana amenewa.

Zimene lamulo liyenera kunena

Lamulo labwino silingathere pa mawu akuti seguro izilipira diálise. Liyenera kutchula njira zonse ziwiri, ya kuchipatala ndi ya kunyumba, ndi kulamula kuti zilipiridwe mofanana, kuti pasakhale dotolo kapena kampani yopindula potumiza wodwala kumakina pamene akanakhala bwino kwawo. Apa ndipo America inapunthwa.

Liyeneranso kutchula zonse zimene kusefera kunyumba kumafuna, chifukwa chosatchulidwa sichilipiridwa. Pali opaleshoni yoika kapaipi. Pali maphunziro a wodwala ndi a m'bale womuthandiza, amene amatenga masiku angapo. Pali matumba a madzi: malita asanu ndi atatu pa tsiku ndi malita 240 pa mwezi, katundu wolemera ngati matumba asanu a chimanga a makilogalamu 50. Katundu ameneyo ayenera kufika pakhomo pa wodwala kapena pa chipatala chaching'ono chapafupi, mwezi uliwonse, ngakhale m'nyengo ya dzinja pamene misewu ya m'madistrito imaduka. Seguro yolipira madzi koma osalipira ulendo wake yasiya theka la ntchito. Pali namwino woyendera wodwala, kuyeza magazi, mankhwala owonjezera magazi, ndi chithandizo chamsanga ngati m'mimba mwalowa tizilombo.

Lamulo liyenera kuletsa kampani kuchotsa munthu pa seguro chifukwa choti wadwala, kapena kuika malire a ndalama amene amatha pakati pa chaka. Chithandizo chimenechi chilibe tchuthi; wodwala akasiya kwa masabata owerengeka, wamwalira. Liyenera kuonanso za wogwira ntchito amene seguro yake imachokera kwa abwana ake: matenda akamuchotsa ntchito, seguro imapita pamodzi ndi ntchitoyo, pa nthawi imene akuifuna koposa. Ndipo liyenera kusiya chisankho m'manja mwa wodwala ndi dotolo wake, atamva bwino ubwino ndi zovuta za njira iliyonse m'chinenero chimene wodwalayo amamva.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo

Eni makampani a seguro anganene kuti lamulo lotere likweza mtengo wa seguro kwa aliyense. Ndi zoona, ndipo walira mvula walira matope. Koma seguro tanthauzo lake ndi lomwelo, kuti ambiri osadwala asonkhe pang'onopang'ono kaamba ka ochepa amene tsoka lawagwera. Seguro yolipira chimfine ndi kuthawa impso ilibe ntchito kwa mwini wake. Komanso lamulo likamanga makampani onse mofanana, palibe imene imaluza makasitomala chifukwa chochita chilungamo.

Ena anganene kuti nyumba za kumudzi si zaukhondo mokwanira. Mantha amenewa si opanda pake. Mdani wamkulu wa njira ya m'mimba ndi matenda otchedwa peritonite, amene amayamba tizilombo tikalowa kudzera pa kapaipi. Wodwala amamva kupweteka m'mimba ndipo madzi otuluka amaoneka amtambo. Akachedwa kulandira mankhwala angataye njirayo kapena moyo. Koma alimi a ku Thailand sanali m'nyumba zachifumu. Chimene chimateteza wodwala ndi maphunziro abwino, madzi osamba m'manja, chipinda chotsekeka, ndi namwino amene angapezeke msanga. Zimenezi ndi zolipirika, ndipo lamulo ndilo liyenera kulamula kuti zilipiridwe.

Palinso kudandaula kwakuti kusefera kunyumba kumasamutsa ntchito ya chipatala kuiika pa mutu pa mkazi kapena mwana wamkazi. Ichinso nchoona, makamaka pamene wodwala ali wokalamba kapena wosaona bwino. Yankho lake ndi lakuti wothandizayo aphunzitsidwe, aziyenderedwa, ndipo pamene katundu wamulemera pakhale mpando kuchipatala wolandira wodwalayo. Njira ya m'mimba siikhalanso mpaka kalekale kwa aliyense. Pakapita zaka kachikopa kaja kamatopa ndipo ena amasamukira kumakina. Njira ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndi iyi: anthu okhala ndi seguro m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo ndalama zosefera munthu mmodzi zingagule mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi a anthu ambirimbiri. Palibe woganiza bwino angatsutse kuti kupewa kuyenera kutsogola: kuyeza magazi ndi mkodzo m'zipatala zing'onozing'ono, kuchepetsa mchere, kuchiza likodzo msanga, kusiya kumwa mapiritsi a ululu ndi mankhwala osadziwika mwachisawawa. Koma lamulo la seguro silichotsa ndalama m'thumba la boma. Wodwala aliyense amene kampani yamulipirira ndi mpando umodzi wotsala m'chipatala cha boma wa munthu wosauka. Ndipo magalimoto onyamula matumba a madzi, anamwino ophunzitsidwa ndi madotolo odziwa kuika kapaipi, zikakhalapo kaamba ka odwala a seguro, zimakhala maziko amene Unduna wa Zaumoyo ungamangepo chithandizo cha anthu onse.

Aphungu oimira chigawo cha Tete ku Assembleia da República, pamodzi ndi bungwe loyang'anira makampani a seguro, ali ndi mwayi umene aphungu a ku Washington analibe mu 1972: akhoza kuona kumene ena anagwa asanalembe chiganizo choyamba. Mabungwe a antchito nawonso, pokambirana ndi abwana za seguro, ayenera kufunsa kuti pangano likuti chiyani za impso, ndipo wogula seguro aliyense awerenge tsamba la zinthu zosalipiridwa asanasaine. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku limene lamulo la seguro ya zaumoyo lidzakhale pa tebulo ku Maputo, aphungu a chigawo chino adzafunse funso limodzi: kodi mawu ali m'pepalawa amufikira wodwala wa ku Zumbo ali m'nyumba mwake, kapena akumuyembekezera kuti asamukire pakhomo pa chipatala?